Ivan Bilibin: mmisiri yemwe adaveka mowa malaya a nthano

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, munthu wa mumzinda wa St Petersburg ku Russia akafuna botolo la mowa ankachita kutchula maina a kwa eni. Mowawo unkafululidwa mumzinda momwemo, koma pa lebulo pake pamakhala patalembedwa kuti Munich, Vienna, Pilsen kapena Bavaria. Nawo mafakitale ankadzitcha maina otero. Padali kampani ina yotchedwa Bavaria yomwe idayamba mu 1863, ndipo inzake yopikisana nayo idadzitcha Novaya Bavariya, kutanthauza kuti Bavaria Watsopano. Ogula ankakhulupirira kuti mowa weniweni ndi wa Mjeremani basi, ndiye wamalonda aliyense ankayesetsa kuti botolo lake lizioneka ngati langotsika m'sitima kumene.

Mu 1903 kampani ya Novaya Bavariya idapempha mnyamata wina, yemwe adali asadakwanitse zaka 30, kuti aijambulire chithunzi chotsatsira malonda. Mnyamatayo sadajambule phiri la ku Bavaria kapena Mjeremani wamimba atanyamula chikho. Adajambula chimgolo chamatabwa, chachikulu ngati nyumba, chitazingidwa ndi khwimbi la anthu ovala mikanjo ya makolo a ku Russia, ngati anthu a m'nthano zomwe agogo amasimbira adzukulu. Malemba ake adali opiringizana ngati a m'mabuku akale a m'tchalitchi. Dzina lidatsala la Chijeremani, koma china chilichonse pachithunzipo chidali cha kwawo.

Mnyamatayo adali Ivan Yakovlevich Bilibin. Chithunzi chakecho chimasindikizidwabe m'mabuku ofotokoza mbiri ya kutsatsa malonda ku Russia, pomwe mowa womwe chinkatsatsawo udatha kalekale.

Loya wa pa pepala

Bilibin adabadwa pa 16 August 1876 m'mudzi wa Tarkhovka, kufupi ndi St Petersburg. Bambo ake adali dokotala wa asilikali a pamadzi, ndipo monga makolo ambiri, ankafuna kuti mwana wawo akhale ndi ntchito yodziwika. Ivan adamvera. Adalowa yunivesite ya St Petersburg kukaphunzira zamalamulo ndipo adamaliza mu 1900. Koma digiriyo idangothera m'kabati, poti mtima wake udali kwina. Ali pa yunivesite pomwepo ankapitanso kusukulu yojambula, mu 1898 adakakhala kanthawi ku Munich kwa mphunzitsi Anton Ažbe, ndipo atabwerako adakhala wophunzira wa Ilya Repin, katswiri yemwe panthawiyo dzina lake linkamveka m'dziko lonselo.

Chidamutembenuza ndi zinthu ziwiri. Choyamba, adaona chithunzi cha Viktor Vasnetsov cha ngwazi zitatu za m'nthano zili pa akavalo. Chachiwiri, m'chilimwe cha 1899 adapita kukacheza kumudzi wa Yegny m'chigawo cha Tver, kutali ndi magetsi a mumzinda. Kumeneko adapeza nkhalango zowirira, nyumba zamitengo zogoba mazenera, ndiponso buku la nthano. Adayamba kujambula nthano ya Ivan mwana wa mfumu, mbalame yamoto ndi mmbulu wotuwa.

Zithunzizo zidafika m'manja mwa ofesi ya boma yomwe inkasindikiza ndalama za mapepala, ndipo iwo adazigula. Uwu udali mwayi waukulu, chifukwa m'dziko lonselo kudalibe makina ena osindikiza bwino kuposa awo. Pakati pa 1901 ndi 1903 ofesiyo idatulutsa timabuku ta nthano tokhala ndi zithunzi za Bilibin, monga ya Vasilisa wokongola, ya Marya Morevna ndi ya mfumukazi yomwe idali chule. Ana a ku Russia adaona koyamba nkhope ya Baba Yaga monga amaidziwira mpaka lero: nkhalamba yamfiti yokhala m'kanyumba koima pa miyendo ya nkhuku, youluka usiku, osati pa lichero ayi, koma itakhala mumtondo, munsi uli m'manja.

Mzere wa waya

Kuti munthu amvetse chomwe amalonda adamukondera Bilibin, ayenera kudziwa kasindikizidwe ka masiku amenewo. Malebulo ndi zithunzi zamitundumitundu ankazisindikiza ndi miyala yosalala. Mtundu uliwonse umakhala ndi mwala wakewake: wofiira mwala wake, wobiriwira mwala wake, wagolide mwala wake. Pepala limadutsa pamwala woyamba, kenaka wachiwiri, mpaka mitundu yonse itakwana. Likangosuntha pang'ono, utoto umatayikira kunja kwa malire ndipo chithunzi chimaoneka ngati chanyowa ndi mvula. Chithunzi cha mithunzi yambiri ndi mitundu yosakanikirana chinkafuna miyala yambiri, ndipo mwala uliwonse udali ndalama.

Kajambulidwe ka Bilibin kadali ngati kopangidwira makina amenewa. Iye ankayamba ndi kulemba chithunzi chonse ndi pensulo, n'kuchisamutsira pa pepala lolimba. Akatero ankatsata mzere uliwonse ndi inki yakuda, osati ndi cholembera, koma ndi kaburashi kodula nsonga. Mzerewo umatuluka wofanana kunenepa kuyambira poyamba mpaka pothera, ngati waya. Pomaliza ankadzaza mipata ndi utoto wamadzi, mtundu umodzi mumpata umodzi, popanda mthunzi. Wosindikiza akalandira chithunzi chotere ankangomwetulira, chifukwa malire a mtundu uliwonse adali oonekeratu.

Ntchitoyi inkadya nthawi koopsa. Tsiku lathunthu limatha iye atangomaliza kachigawo kosakwana chikhatho cha mwana. Anzake adamupatsa dzina loti Ivan wa Dzanja la Chitsulo. Polankhula adali wachibwibwi, koma dzanja lake silinkadodoma.

Chinanso, Bilibin sankasiya chithunzi chili chamaliseche. Ankachizunguliza ndi mpendero wa maluwa, bowa, mbalame ndi timitengo, monga momwe amisiri a kumudzi ankagobera mafelemu a mazenera. Malemba nawo ankawajambula yekha, osadalira zilembo za wosindikiza. Tsono lebulo n'chiyani, ngati si chithunzi, mpendero ndi dzina, zonse pa kapepala kamodzi? Zomwe ankachita pa tsamba la buku la ana n'zomwe wamalonda ankafuna pa botolo.

Malebulo a nthawi imeneyo

Lebulo ya mowa ya ku Russia ya zaka zimenezo idali ngati chifuwa cha msilikali wopuma ntchito: mamendulo okhaokha. Makampani ankapita ku zionetsero za malonda, za m'dzikomo ndi za kunja, ndipo mendulo iliyonse yomwe apata ankaijambula pa lebulo, nthawi zina mbali zonse ziwiri za mendulo imodzi yomweyo kuti zioneke zambiri. Ulemu woposa onse udali chilolezo choika chizindikiro cha boma, chiwombankhanga cha mitu iwiri, chomwe chinkaperekedwa kwa opambana pa zionetsero zikuluzikulu za dziko lonse. Kampani yochilandira inkachiika pamwamba penipeni.

Pa mpata wotsala ankaikapo ngala za balere, masamba ndi zipatso za hopu, chomera chomwe chimapatsa mowa kuwawira kwake, kapena chithunzi cha fakitale chumuni zili tolotolo kufuka utsi. Masiku amenewo utsi sudali chinthu chochititsa manyazi, udali umboni woti kampani ili ndi makina. Ena ankajambula Gambrinus, mfumu ya m'nthano za ku Ulaya yomwe amati ndiyo mwini mowa. Makampani akuluakulu monga Kalinkin wa ku St Petersburg, Trekhgorny wa ku Moscow ndi Zhiguli wa ku Samara, yemwe adamuyambitsa mu 1881 ndi Alfred von Vacano wochokera ku Austria, ankaumbitsanso maina awo pa galasi la botolo lenilenilo, kuti botolo likatha libwerere kwa mwini wake ndiponso kuti akamberembere asathiremo zawo.

Ambiri mwa omwe ankajambula malebulowa sadziwika maina. Adali antchito a m'nyumba zosindikizira, otengera zitsanzo za m'mabuku a ku Germany. N'chifukwa chake chithunzi cha Novaya Bavariya chidaoneka chachilendo: chidali ndi mwini wake, ndipo aliyense yemwe adagulirapo mwana kabuku ka nthano ankazindikira dzanjalo. Fakitale ya kampaniyi idali m'mbali mwa mtsinje wa Neva, ndipo kupatula mowa wa balere inkafululanso mowa wa uchi, chakumwa chomwe chimatchulidwa kumathero a nthano zambiri za ku Russia, pamene ukwati wachitika ndipo mudzi wonse uli paphwando. Bilibin adagwira pomwepo. Wogula ankauzidwa, popanda mawu, kuti akatsekula botolo ndiye kuti wakhala nawo pa phwando la makolo.

Kunena zoona, sikuti iye ndiye adayambitsa kukometsera zinthu ndi zamakolo. Vasnetsov adali atajambula kale mapepala a mndandanda wa zakudya pa maphwando olonga ufumu a 1883 ndi 1896, ndipo mayi wina, Elena Polenova, adali atajambula kale nthano. Koma Bilibin ndiye adazipatsa maonekedwe osavuta kusindikiza ndi kutengera. Posakhalitsa mikanjo, nsanja, mbalame za nkhope ya munthu ndi malemba opiringizana zidadzaza pa mapepala okulungira maswiti, pa mabokosi, pa makalendala ndi pa malebulo, zambiri zojambulidwa ndi anthu ongoonera. Ena mwa akatswiri anzake ankadandaula kuti zithunzi zake n'zouma, zosapuma mpweya. Pamenepo padali kachoonadi, chifukwa anthu a m'zithunzi zake sachita thukuta. Koma otengerawo ndiwo adaonetsa kusiyana: iwo ankakometsera za m'mutu, pomwe Bilibin ankajambula zomwe adaziona ndi maso.

Ulendo wa kumpoto

Adaziona kuti? Mu 1902, 1903 ndi 1904 nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Russian Museum idamutuma kumpoto kwa dzikolo, m'zigawo za Vologda, Arkhangelsk ndi Olonets. Adayenda pa ngolo ndi pa mabwato, kujambula ndi kamera matchalitchi amitengo omangidwa ndi nkhwangwa, kuphatikizapo a pa chilumba cha Kizhi. Adatolera nsalu zopeta, zovala za akazi, zipande ndi ziwiya zogoba. Adapeza kuti zambiri zinkawola, kapena eni ake ankazigulitsa motchipa kuti agule nsalu za m'fakitale. Mu 1904 adalemba nkhani m'magazini ya Mir iskusstva yofotokoza luso la anthu a kumpotowo.

Choncho chipewa chilichonse, lamba aliyense ndi denga lililonse m'zithunzi zake zidali ndi kwawo. Adaphunziranso kwa ojambula a ku Japan. Mu 1905 adatulutsa zithunzi za nthano ya Alexander Pushkin ya mfumu Saltan, momwe mfumukazi ndi khanda lake amatsekeredwa mumgolo n'kuponyedwa m'nyanja. Funde lomwe lanyamula mgolowo limakumbutsa funde lotchuka la Hokusai. Patangotha zaka ziwiri chijambulire mgolo wa chisangalalo, adajambula mgolo wa misozi, ndipo yonse iwiri ndi ya dzanja limodzi losanjenjemera lija.

Bulu ndi chiwombankhanga

Munthu angaganize kuti wojambula mafumu a m'nthano adali wokonda mfumu yeniyeni. Sizidali choncho. Mu 1905 dziko lidawira, asilikali atawombera anthu omwe ankapita kukapereka madandaulo kwa mfumu Nicholas II. Akatswiri ena adayambitsa magazini yonyogodola boma yotchedwa Zhupel. Kumayambiriro kwa 1906 Bilibin adaikamo chithunzi cha bulu ataima pakati pa zizindikiro zaufumu, kuwala kwa ulemerero kuli kumbuyo kwake, monga ankajambulira mafumu. Sadalembepo dzina la munthu, koma palibe adafunsa kuti buluyo ndani. Magaziniyo idatsekedwa itangotuluka katatu, ndipo Bilibin adamangidwa kwa kanthawi kochepa.

Izi sizidamuwonongere ntchito. Kuyambira 1907 adaphunzitsa pasukulu yojambula yomwe iye adaphunzirapo, kwa zaka khumi, ndipo mmodzi mwa omwe adawasula ndi Georgy Narbut, yemwe pambuyo pake adajambula ndalama za dziko la Ukraine. Adalowanso m'zisudzo. Mu 1909 adakonza maonekedwe a bwalo ndi zovala za sewero loimba la Nikolai Rimsky-Korsakov la tambala wagolide, lomwe lidaonetsedwa ku Moscow, nkhani yake ya mfumu yaulesi yokonda tulo.

Kunyumba ndiye kudali mavuto. Mkazi wake woyamba, Maria Chambers, naye wojambula, adamuberekera ana aamuna awiri, Alexander ndi Ivan. Banjalo lidatha, ndipo pambuyo pake mayiyo adapita ku England ndi anawo. Banja lachiwiri, ndi Renée O'Connell, lidatha mu 1917. Omwe adamudziwa adalemba kuti mkuluyu adali wanthabwala, wokonda alendo, komanso wokonda botolo mopitirira, ndipo kuti chakumwa chidathandizira kupasula nyumba zake. Munthu yemwe adakometsa mowa pa pepala adaudziwanso mbali yake inayo.

Malonda a mowawo adagwa mu 1914. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba, boma lidaletsa kugulitsa zoledzeretsa, ndipo mafakitale ambiri adatseka kapena kuyamba kupanga zakumwa zosaledzeretsa. Komanso mdani tsopano adali Germany. Maina omwe dzulo lake ankakopa ogula adasanduka chitonzo, mpaka mzinda weniweniwo udasinthidwa dzina kuchoka pa St Petersburg kukhala Petrograd kuti lisamveke Chijeremani.

Mfumu itatula pansi udindo mu 1917, boma logwirizira lidafuna chidindo chatsopano. Bilibin ndiye adajambula: chiwombankhanga cha mitu iwiri chomwe chija, koma atachivula zisoti zachifumu ndi ndodo yaufumu. Bomalo lidangokhala miyezi yowerengeka, koma mbalameyo idadzaukanso patapita zaka 75. Kuyambira 1992 chiwombankhanga chopanda chisoti, chotengera chake chija, chidaikidwa pa ndalama zachitsulo za Russia, mpaka mu 2016 pamene adachisintha n'kuikapo chizindikiro cha boma.

Zaka zisanu ku Egypt

Chipani cha Bolshevik sadachikonde. Chakumapeto kwa 1917 adachoka ku Petrograd kupita ku Crimea, komwe adali ndi kamalo m'mbali mwa nyanja ku Batiliman. Nkhondo ya pachiweniweni itafika poipa, mu February 1920 adakwera sitima yapamadzi yotchedwa Saratov padoko la Novorossiysk pamodzi ndi khamu la othawa. M'sitimamo mudali matenda, ndipo ulendowo udakathera ku Egypt. Katswiri wotchuka wa ku Petrograd adapezeka ali mumsasa wa othawa nkhondo ku Tel el-Kebir, m'chipululu, akugona mu tenti.

Sadakhalitsemo. Adapita ku Cairo n'kutsekula malo ogwirira ntchito. Makasitomala ake ambiri adali amalonda olemera a Chigiriki, omwe ankafuna zithunzi za m'nyumba zawo ndi za m'matchalitchi. Pa nthawi yopuma ankayendera mizikiti, matchalitchi a Akhristu a ku Egypt ndi manda a mafarao. Kumeneko adapeza abale ake a zaka zikwi zapitazo: amisiri omwe nawo ankalemba mzere wolimba n'kudzaza mpata ndi mtundu umodzi.

Mu 1923 kudabwera Alexandra Shchekatikhina-Pototskaya, yemwe kale adali wophunzira wake, tsopano namfedwa wa mwana mmodzi ndiponso katswiri wojambula pa mbale zadothi za fakitale ya boma ku Petrograd. Adakwatirana, ndipo banja ili ndilo lidakhalitsa. Atakhalako pang'ono ku Alexandria, mu 1925 adasamukira ku Paris.

Ku France ntchito idalipo. Adajambula mabuku a nthano a ana a Chifalansa, adakonza zovala ndi mabwalo a masewero oimba a ku Russia omwe ankaonetsedwa ku Paris ndi kwina, ndipo nyumba yake idali pokumanira anthu othawa kwawo. Koma chilichonse chomwe ankajambula chinkabwerera ku nkhalango za Tver ndi matchalitchi a kumpoto. Munthu adali ku Paris, dzanja lili kwawo.

Kwawoko zinthu zidali zitasinthiratu, ndipo pa botolo pankaoneka. Mu 1918 boma latsopano lidachotsa zilembo zingapo mu alifabeti, moti lero osonkhanitsa malebulo akale amangoyang'ana kalembedwe n'kudziwa ngati lebulo ndi ya nthawi ya mafumu kapena ya pambuyo pake. Ziwombankhanga ndi mamendulo zidachoka. Mu 1925 Alexander Rodchenko, mothandizana ndi mlakatuli Vladimir Mayakovsky, adapanga chithunzi chotsatsira mowa wa Trekhgorny: mabotolo, mizere yowongoka ndi zilembo zonenepa zosakometsera. Mudalibe boyara wa ndevu, mudalibe mbalame ya m'nthano. Uthenga wake udali woti mowa wa m'fakitale uthamangitse kachasu wophikidwa mobisa. Zithunzi ziwirizi, cha 1903 ndi cha 1925, zikaikidwa pamodzi zimaoneka ngati za maiko awiri osiyana, ndipo n'zoonadi adali maiko awiri.

M'zaka za m'ma 1930 boma lidakhazikitsa mitundu yochepa ya mowa yoti izifululidwa mofanana m'dziko lonse, ndipo maina a kunja aja adafufutidwa. Mowa womwe unkatchedwa wa ku Vienna udasanduka Zhigulevskoye, dzina lomwe lidadzakhala lodziwika kuposa onse mu Soviet Union. Lebulo nayo idanka ichepa, mpaka m'zaka zotsatira mabotolo ambiri ankangokhala ndi kapepala konga mwezi wongooneka kumene, komatidwa pakhosi. Popanda wopikisana naye, botolo lidalibenso chifukwa chodzikometsera.

Kubwerera

M'zaka zomwezo Bilibin adayamba kuyandikira akuluakulu a Soviet Union. Adajambula chithunzi chachikulu cha Mikula Selyaninovich, ngwazi yolima ya m'nthano, pa khoma la ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Paris. Anzake ambiri othawa kwawo adaona ngati wawagulitsa. Mu 1936 iye ndi banja lake adakwera sitima yotchedwa Ladoga kubwerera kumzinda wa kwawo, womwe tsopano unkatchedwa Leningrad.

Idali nthawi yoopsa kubwerera. Chaka chotsatira ndicho chidali pachimake pa kumanga ndi kupha anthu mu ulamuliro wa Joseph Stalin, ndipo munthu wokhalapo kunja ankakayikiridwa msanga. Bilibin sadakhudzidwe. Boma lidali litayambanso kukonda ngwazi zamakedzana ndi nthano za makolo, ndipo mu 1937 dziko lonse linkakumbukira zaka 100 chimwalirire Pushkin. Dzanja lake lidafunikanso. Adapatsidwa uprofesa pa sukulu yaikulu ya zaluso ya Academy of Arts, adakonzanso sewero la mfumu Saltan, ndipo mu 1939 adalandira digiri ya udokotala pa zaluso.

Mu June 1941 Germany idaukira Soviet Union. Pofika pa 8 September asilikali a adani adali atatseka njira zonse zapamtunda zolowera mu Leningrad. Mpata wochoka udalipo kwa anthu otchuka ngati iye, koma adakana. Adali atathawapo kamodzi, n'kukhala kunja zaka 16, ndipo sadafune kuthawanso.

Chakudya chidayamba kutha. Kuyambira pa 20 November 1941 wogwira ntchito m'fakitale ankalandira magalamu 250 a buledi pa tsiku, ena onse magalamu 125, kachidutswa kosadzaza chikhatho, ndipo ufa wake udali wosakaniza ndi zinthu zina zosayenera kudyedwa. Madzi a m'mipope adauma ndi chisanu, magetsi adazima, ndipo nyengo yozizira ya chaka chimenecho idali yankhanza kuposa zaka zambiri. Anthu ankagwa m'misewu, abale n'kumawakoka pa timatabwa totsetsereka ta ana kupita nawo kumanda.

Bilibin, pamodzi ndi aphunzitsi anzake, adasamukira m'zipinda zapansi za nyumba ya Academy, momwe ankabisalira mabomba. Adali ndi zaka 65. M'menemo adapitiriza kugwira ntchito, kukonza zithunzi za nthano ya ngwazi Dyuk Stepanovich, mnyamata wa m'nyimbo zamakedzana yemwe amatchuka ndi kudzitama kuti kwawo kuli chuma chosawerengeka, mikate yofewa ndi zakumwa zokoma kuposa za ku likulu. Ankajambula zimenezo m'mimba muli pululu, ndi kaburashi komwe kaja, kachigawo kakang'ono pa tsiku. Ntchitoyo sadaimalize.

Adamwalira ndi njala pa 7 February 1942, m'kachipatala ka pa Academy pomwepo. Patangopita masiku ochepa, aphunzitsi ndi ophunzira otsala adatulutsidwa mumzindamo, ulendo womwe udakathera ku Samarkand. Mzindawo udakhalabe wozingidwa mpaka pa 27 January 1944. Mkazi wake adapulumuka, adabwerera ku ntchito yake ya mbale zadothi, ndipo adamwalira mu 1967.

Bilibin adaikidwa m'manda amodzi ndi maprofesa anzake a Academy omwe adafa m'nyengo yomweyo, kufupi ndi manda a Smolensk pa chilumba cha Dekabristov. Pa mwala wa pamandapo dzina lake lili pa mndandanda pamodzi ndi a anzakewo, m'zilembo wamba.